Makalata a Omvera: Digiri ya Unamwino pa Intaneti

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina amene ndi namwino pa chipatala china chaching'ono cha kufupi ndi Ngabu. Iwo alemba kuti: "Ndinamaliza dipuloma ya unamwino ndi uzamba zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo mtima wanga uli pa digiri, koma ntchito sindingaisiye chifukwa ana atatu ndi mayi anga okalamba amadalira ine. Ndaona pa Facebook sukulu ina ya ku America ikulengeza digiri ya unamwino yophunzira pa intaneti. Kodi ndilipire?"

Mayi, musanatumize ngakhale tambala imodzi, yambani mwafunsa mabungwe awiri. Loyamba ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe linakulembani m'kaundula ndi kukupatsani chilolezo chogwirira ntchito. Lachiwiri ndi National Council for Higher Education, lomwe limaunika sukulu zaukachenjede ndiponso mapepala ochokera kunja. Ngati awiriwa sakuidziwa sukuluyo, digiriyo idzangokongoletsa khoma la pabalaza, koma giredi yanu ndi malipiro anu zidzakhala pomwepo. Mudziwenso kuti ambiri mwa maphunziro amenewa, amene kumeneko amawatchula kuti RN to BSN, anakonzedwera anamwino amene ali kale ndi chilolezo cha dzikolo, ndipo fizi yake ndi ya madola.

Kenaka ganizirani za moyo wa kuno kwathu kuchigwa. New York ili m'mbuyo mwathu ndi maola 6 kapena 7 malingana ndi nyengo, kotero phunziro loyamba 7 koloko madzulo kumeneko lidzakupezani 1 koloko kapena 2 koloko usiku, mwina muli m'chipinda chochilira ndi mayi amene matenda amuyamba. Afunseni ngati maphunzirowo amajambulidwa kuti muziwaonera pa nthawi yanu, ndipo muwerengere mtengo wa bandulo ya mwezi wonse. Amene tinaona magetsi akusowa miyezi yambiri namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu 2022 sitiiwala kuti kompyuta yopanda moto ndi thabwa chabe.

Ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndafunsa ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, za mwayi wa anamwino a dipuloma ofuna kupitiriza maphunziro, kenaka n'kukambirana ndi akuluakulu a zaumoyo a m'boma lanu za tchuthi cha maphunziro. Mzere wake ndi wautali, sindikukana, koma pepala lake palibe amene adzalikayikire.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo, amene ali ndi MSCE ndipo akufunsa ngati angayambe unamwino pa foni yake akaweruka.

Achimwene, apa ndiyankha mosapita m'mbali: ayi. Mayi aja a ku Ngabu manja awo anazolowera kale odwala, ndipo chimene akufuna n'kuonjezera za m'mabuku. Inu simunagwirepo wodwala. Kupeza mtsempha pa dzanja la mwana amene kolera yamutha madzi m'thupi kuti mumuike diripi, kapena kupapasa mimba n'kudziwa mmene mwana wagonera, zimaphunziridwa mu wodi, mphunzitsi ataima pambali panu. Pafupi nafe pomwe pano, ku Muona m'boma la Nsanje, kuli koleji ya Trinity ya pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kumene amaphunzitsa anamwino, ndipo kumafunika kupitako ndithu. Chimene foni ingakuthandizeni panopa ndi kukonzekera. Onani mmene munakhozera Biology ndi maphunziro ena a sayansi, ndipo ngati sizinayende bwino, lembetsani sukulu ya masana kuti mudzalembenso mayesowo muli pantchito yanu ya nzimbeyo.