Makalata a omvera: Mkaidi wa pankhondo amene anabwerera ku Hanoi ngati kazembe

Madzulo abwino nonse amene mwatchera khutu. Sabata yatha tinakamba za Pete Peterson, ndipo makalata abwera mulu. Ndasankhapo atatu.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Mzuzu. Akuti: "Magetsi anathima pulogalamu ili mkati, ndinangomva zoti munthuyu anamangidwa. Chonde tibwerezereni, anali ndani ndipo zinatha bwanji?"

Zikomo mayi. Douglas Peterson, amene anthu amangomutchula kuti Pete, anabadwa mu 1935 ku Omaha m'dziko la America, ndipo analowa usilikali wa ndege za nkhondo mu 1954. Pa 10 Seputembala 1966, akuyendetsa ndege ya F-4 Phantom kumpoto kwa Vietnam, ndegeyo inawomberedwa. Anadumpha ndi parachuti n'kugwera pafupi ndi mudzi wa An Doai atathyoka mafupa, ndipo anthu a m'mudzimo anamugwira. Anakhala mkaidi zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka, ndipo ina mwa ndende zimene anasungidwamo ndi Hoa Lo ya mumzinda wa Hanoi, likulu la Vietnam, momwe munalinso John McCain, amene pambuyo pake anadzakhala wandale wotchuka ku America. Anamasulidwa mu Malichi 1973, pangano la mtendere la ku Paris litasainidwa. Atapuma usilikali ali pa udindo wa Colonel, anadzakhala phungu woimira dera lina la ku Florida m'nyumba ya malamulo ya America kuyambira 1991. Kenaka America ndi Vietnam atayambiranso ubale mu 1995, Pulezidenti Bill Clinton anafuna munthu wokatsegula njira ku Hanoi, nasankha iyeyu. Mu 1997 Peterson anatsika ndege mumzinda womwe anazunzikiramo uja, tsopano ali kazembe woyamba wa America kumeneko chithere nkhondo.

Kalata yachiwiri ndi ya aphunzitsi ena a ku Lilongwe, ndipo ndiiwerenga yonse chifukwa yandigwira mtima. "Achimwene, mwamutamanda kwambiri munthuyu. Mukuti anakhululuka. Kodi anakhululukira ndani? Si iyeyo amene anapita kwa eni ake kukaponya mabomba? Mamendulo akewo, Silver Star ndi Purple Heart, anawalandira chifukwa cha ntchito imene inasiya ana amasiye. Bwanji simukutiuza za mayi wa ku Vietnam amene anakhululukira iyeyo?"

Aphunzitsi, mwalasa, ndipo sindikutsutsani. Asilikali a America amene anafa pa nkhondo ija ndi opitirira 58,000, pamene anthu a ku Vietnam anafa m'mamiliyoni, ambiri a iwo anthu wamba. Ngati sabata yatha ndinayankhula ngati wolakwiridwa anali Peterson yekha, ndinapendeketsa nkhani. Amene anali ndi zambiri zokhululuka ndi eni dziko.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene sinditha kumulanda munthuyu. Akanatha kukhala phee mu ofesi ya kazembe, kumangosaina zikalata. Iye ayi. Chaka chomwecho cha 1997 anapita ku An Doai kukakumana ndi ena mwa anthu amene anamugwira. Taganizani, aphunzitsi: mbali iyi munthu amene anabwera kudzaphulitsa, mbali inayi anthu amene anamupereka kundende, akugwirana chanza pamaso pa mudzi wonse. Peterson wakhala akunena kuti chidani anachisiya pa chipata cha ndende tsiku limene anatuluka. Mawu otero ngosavuta kunena, koma ine ndimawakhulupirira chifukwa ntchito zake zinatsatira. Anagwira ntchito ndi boma la Hanoi posaka mafupa a asilikali amene anasowa, anakankha zokambirana mpaka mayiko awiriwa anasaina pangano la zamalonda mu Julaye 2000, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Clinton anakacheza ku Vietnam. Kunyumba kwawonso sanali pa mtendere wokhawokha, poti ena mwa asilikali anzake akale sankafuna kumva n'komwe zoyanjana ndi Hanoi. Ndi amene analawa ndende yekha akanatha kuwayang'ana m'maso anthu amenewa.

Za mayi uja mwapempha, ndalonjeza: tidzakonza pulogalamu yoyang'ana nkhondoyi kuchokera kumbali ya anthu a ku Vietnam.

Kalata yomaliza yalembedwa ndi dzanja lonjenjemera, yochokera kwa agogo ena a ku Zomba. Akuti: "Mwanawe, ine ndinali msilikali, ndinalondera nawo njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Yunifolomu ndinavula kalekale koma usiku tulo timavutabe. Ndiuze, mnzangayu atasiya ukazembe anatani ndi moyo wake?"

Agogo, ndawerenga kalata yanu kawiri ndisanalowe muno, ndipo ndikuthokozani pondiuza zimene ambiri amabisa. Za tulozo musakhale nazo nokha, kambani ndi anzanu amene munali nawo kumeneko, komanso a kuchipatala. Mnzanuyo naye anakumana ndi zowawa zina atachoka kunkhondo: mkazi wake woyamba anamwalira ndi khansa mu 1995. Ali ku Hanoi anakumana ndi Vi Le, mayi wobadwira ku Vietnam amene ankaimira Australia pa zamalonda, ndipo anakwatirana mu 1998. Ukazembe anausiya mu 2001. Poyendayenda m'dzikomo anali ataona kuti ana ambiri akufa osati ndi matenda okha, koma ndi ngozi zopeweka, makamaka kumira m'maiwe ndi m'mitsinje. Choncho iye ndi mkazi wakeyo anayambitsa bungwe la The Alliance for Safe Children, limene linathandiza kuphunzitsa ana kusambira ku Vietnam, Bangladesh ndi Thailand. Inu a kunyanja ndi a m'mbali mwa Shire mukudziwa kulira kwa mudzi umene mwana wake wamira.

Nthawi yatithera. Agogo, lembaninso, ndikufuna ndimve za ku Nacala kuchokera kwa inu amene munaliko.