Mapaipi sanafufutike, anangobisika pa zenera langa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno tiwapeza pa 2 Mafumu 6:15-17, koma ndiloleni ndiyambire kuntchito kwanga, chifukwa n'komwe mawuwa anandipeza.

Ine ndimajambula mapulani a nyumba pa kompyuta ndi pulogalamu ya AutoCAD, imene kampani ya Autodesk inatulutsa koyamba mu 1982. Anthu akaona mapepala a pulani amaganiza kuti pepala lililonse timalijambula palokha. Ayi ndithu. Nyumba yonse timaijambula kamodzi, pamalo otchedwa model space, pa muyeso wake weniweni: khoma la mamita 4 limalowa ngati la mamita 4. Zinthu timazigawa m'maleya, ngati mapulasitiki oonekera mkati osanjikizana. Makoma ali ndi leya yawo, mapaipi a madzi yawo, mawaya a magetsi yawo, denga, zitseko, manambala a miyeso, chimodzimodzi. Nthawi yosindikiza ikakwana timapita pa layout, pomwe pali pepala loyera, tinene la A1, n'kuboolapo mazenera otchedwa viewport. Mazenera onsewo akusuzumira m'nyumba imodzi yomweyo, koma lililonse lili ndi sikelo yake, lina 1:100, lina 1:50, ndipo umaliuza zoti lionetse ndi zoti libise. Ukadina VP Freeze pa leya inayake, imazimiririka pa zenera lokhalo. Pa mazenera enawo ikuoneka bwinobwino.

Nditangoyamba ntchito zimenezi sindinkazidziwa. Ndinatha masiku awiri ndikujambula mapaipi a nyumba ya zipinda zitatu, kuchokera pa mita ya madzi mpaka ku sepitiki thanki. Mwini nyumba ankabwera m'mawa mwake kudzatenga mapepala kuti apite nawo kukhonsolo. Madzulo nditatsegula pepala loti ndisindikize, makoma alipo, zitseko zilipo, koma paipi ngakhale imodzi palibe. Thukuta linayamba kutuluka m'manja. Masana ake magetsi anali atathima, ndiye ndinangoti basi, fayilo yawonongeka. Ndinadina uku ndi uku, osaphula kanthu. Poopa kukalipiridwa sindinauze munthu. Ndinangokoka mpando n'kuyamba kujambulanso paipi yoyamba, ndikudziwa kuti ndichezera usiku wonse.

Pakona pankakhala bambo wina wachikulire amene anayamba ntchitoyi nthawi ya bolodi, T-sikweya ndi inki. Atanyamula chikwama kuti aweruke anaima kumbuyo kwanga.

“Mwana wanga, ukuchita chiyani?”

“Bambo, mapaipi onse afufutika.”

Sanayankhe. Anagwira mausi, nadina kawiri mkati mwa zenera lija, natsegula mndandanda wa maleya. Pa leya ya mapaipi panali kachizindikiro ka kuzizira. Atakadina kanasanduka kadzuwa, ndipo mapaipi anga onse anatulukira, mzere uliwonse pamalo pake. Kenako anati, “Pepala ili ndi la omanga makoma. Ndinawabisa dala kuti aone miyeso bwino. La pulambala ndi linalo.” Anandionetsanso paipi imene ndinali nditayamba kujambula, itagona ndendende pamwamba pa yakale. Ndikanapitiriza, owerengera zipangizo akanatha kuwerenga kawiri, mwini nyumba n'kugula zosafunika.

Tsopano tipite ku Dotani. Mfumu ya Aramu inatumiza akavalo, magaleta ndi gulu lalikulu la nkhondo usiku, n'kuzinga mudzi umene munali Elisa. Mnyamata wake analawirira m'mamawa, monga talawirira ifemu, natuluka panja, naona adani mbali zonse. Anathamangira kwa mbuye wake kukafunsa kuti tichita chiyani. Ine mnyamatayu sindimuweruza. Zimene anaonazo zinali zenizeni: akavalo enieni, mikondo yeniyeni. N'chifukwa chake zimandipweteka tikamauza munthu wodwala kapena wochotsedwa ntchito kuti mavuto ake ndi kuchepa kwa chikhulupiriro chabe. Ngongole ya lendi ndi yeniyeni. Fizi ya mwana amene wabwezedwa kusukulu ndi yeniyeni. Elisa naye sanakane kuti Aaramu alipo.

Koma tamvani pemphero lake. Sanapemphe kuti Yehova atumize thandizo. Anauza mnyamatayo kuti asaope, pakuti amene ali nafe ndi ambiri kuposa amene ali ndi iwo, kenako anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti Yehova amutsegule maso aone. Maso atatseguka, phiri linali lodzaza ndi akavalo ndi magaleta amoto atazungulira Elisa. Magaletawo sanafike pempherolo litatha. Elisa ananena za iwo asanapemphere n'komwe. Analipo pamene mnyamata ankanjenjemera, analipo pamene ankafunsa kuti tichita chiyani. Anthu awiri, mudzi umodzi, m'mawa umodzi, koma mazenera awiri.

Mwina mufunsa kuti nanga Mulungu abisiranji? Bwanji osationetsa zonse kamodzi tipume? Ndinayesapo kuyatsa maleya onse pa pepala limodzi. Limada bii. Mawaya adutsa pa mapaipi, mitengo ya denga yaphimba manambala, mipando yakwirira zitseko, mmisiri sangawerengepo kanthu. Wokumba maziko akufuna kudziwa kuya ndi kutambalala kwa ngalande yake basi. Za malata adzaziona nthawi ya malata ikakwana. Deuteronomo 29:29 amatiuza kuti zobisika ndi za Yehova Mulungu wathu, koma zoululidwa ndi zathu ndi za ana athu, kuti tizichite. Pepala limene mwapatsidwa lero lili ndi zokwanira ntchito ya lero.

Chimene ndimaopa pa moyo wanga ndi uja mchitidwe wokoka mpando n'kuyamba kujambulanso mwakachetechete. Sarai ataona kuti zaka zikupita mwana sakuoneka, anapereka Hagara kwa Abramu, ndipo m'nyumbamo munalowa mkangano. Lonjezo la Mulungu loti Abramu adzakhala ndi mwana silinafufutike, koma iye anajambula mzere wake pamwamba pa wa Mulungu. Ifenso timatero. Wina amathamangira katapila, wina amapita mobisa kwa sing'anga, wina amavomera banja limene mtima wake ukulikana, zonsezi chifukwa pa zenera lake sipakuoneka kanthu. Ndipo timazichita tokhatokha, osauza munthu, monga ndinachitira ine madzulo aja, pomwe amene akanandithandiza anali pa tebulo lapafupi, m'chipinda chomwecho.

Sindikulonjezani kuti lero phiri liwala moto pamaso panu. Inenso ndili ndi nkhani ya m'banja mwathu imene ndakhala ndikuipempherera zaka zingapo, ndipo pa zenera langa sipanaonekebe kanthu. Masiku ena ndimalira nayo. Koma ndinasiya kunena kuti Mulungu anaifufuta, ndipo dzanja langa likamafuna kuyamba mzere wanga, ndimakumbuka kadzuwa kaja n'kudikira.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, pali ena amene adzuka lero atazingidwa ngati mnyamata wa ku Dotani. Atseguleni maso aone ngakhale galeta limodzi lokha, kuti mawondo awo aleke kugwedezeka. Pomwe mwasankha kubisa, gwirani manja athu tisajambule zathu pamwamba pa zanu. Wina amene akuvutika chamumtima, mutumizireni munthu woima kumbuyo kwake n'kumufunsa chimene chavuta, ndipo ngati munthuyo ndi ine, mundipatse maso oti ndimuone ndisanaweruke. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.