Mayi Grace Hopper: mkulu wa asilikali a pamadzi amene analera ana a kompyuta, ndi bodza la kagulugufe

Muli bwanji a ku Matero, Chilenje, Kabwata, ndi inu nonse mukutionera kutali. Musathamangire kwina, taonani waya ndagwirayu. Kutalika kwake ndi masentimita 30 basi. Mkulu wina wa asilikali a pamadzi a ku America ankayenda ndi mawaya otere n'kumagawira achinyamata, ndipo chifukwa chake muchimva vidiyoyi isanathe.

Dzina lawo ndi Mayi Grace Hopper. Ndikudziwa wina wayamba kale kulemba kuti, "Ife kuno ku Zambia tilibe nyanja yamchere, zikutikhudza pati?" Dekhani, achimwene, mverani kaye.

Zoyambirira tithamange nazo. Choyamba, anabadwira ku New York mu 1906, anatenga digiri ya udokotala wa masamu ku yunivesite ya Yale mu 1934, n'kumaphunzitsa ku Vassar College. Chachiwiri, mu 1943 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati analowa usilikali wa pamadzi, ndipo mu 1944 anatumizidwa ku yunivesite ya Harvard kukagwira ntchito pa kompyuta ya Mark I pansi pa Howard Aiken. Chachitatu, mu 1952 anapanga pulogalamu yomasulira zimene munthu walemba kuti makina amve, ndipo ntchito yawo ndi imene inatsegulira njira chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta cha COBOL mu 1959. Mabanki ambiri padziko akuchigwiritsabe ntchito mpaka lero.

Ngati mwafika pano, dinani kuti mukhale membala wa tchaneloyi, ndi kabelu komwe. Ndi zaulere.

Tsono tifike pa nkhani imene imandipweteka mutu. Mukafunsa wophunzira wa kompyuta, kaya ku UNZA kaya kwina, za Mayi Hopper, ambiri amayankha kuti, "Ndi aja anapeza kagulugufe m'kompyuta n'kuyambitsa mawu akuti bug." M'Chingelezi bug ndi kachilombo, komanso ndi vuto la m'kompyuta. Pa Facebook zimenezi zili mbwee. Anthuni, si zoona!

Kagulugufeko kanalipodi, sindikutsutsa. Pa 9 September 1947, anthu ogwira ntchito pa kompyuta ya Mark II ku Harvard anapeza kagulugufe kausiku katapanikizika m'kachipangizo kolumikiza magetsi, nambala 70. Anakachotsa, n'kukamata ndi tepi m'buku lolembamo zochitika za tsikulo. Bukulo lilipo mpaka pano, likusungidwa ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Smithsonian, mumzinda wa Washington. Koma werengani bwino zimene analemba pansi pa kagulugufeko. Analemba kuti aka n'koyamba kupeza bug weniweni. Mwamva? Weniweni. Munthu sanganene kuti "lero ndiye tapeza weniweni" ngati mawuwo sanali kale pakamwa pa anthu. Akatswiri a makina anali atazolowera kale kutcha vuto lobisika m'makina kuti bug, ndiye atapeza kachilombo kenikeni anaseka, n'chifukwa chake anakasunga. Thomas Edison, uja wa babu la magetsi, ankalemba kale mawu amenewa mu 1878. Apo n'kuti Mayi Hopper asanabadwe n'komwe, kutatsala zaka 28. Ndiponso amene anakatola kagulugufeko si iwo. Iwo ankangokonda kusimba nkhaniyi akamaphunzitsa, ndipo poti ankaisimba mokoma, inakakamira pa dzina lawo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu wagwira ntchito zaka zoposa 40, ife n'kumamukumbukira ndi kachilombo kakufa. Mukaona wina walemba bodzali, mutumizireni vidiyoyi.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Mayi Hopper atafunsidwa za ntchito yawo yaikulu, anatchula pulogalamu ija, n'kuwonjezera kuti china chimene ankanyadira ndi kuphunzitsa achinyamata. Wachinyamata akabwera kudzafunsa ngati chinthu chingatheke, ankamuuza kuti ayese, iwo n'kuima kumbuyo kwake. Ankawatsatirabe ana amenewa ngakhale atakula, kuwalimbikitsa kuti asachite mantha kuyesa zatsopano. Mu ofesi mwawo munali wotchi yoyenda chobwerera, pofuna kuonetsa kuti mawu akuti "timachita chonchi kuyambira kale" si yankho. Inu amene muli ndi anyamata ophunzira ntchito pa shopu yokonza mafoni ku Town Centre kapena ku Kamwala, mwana akalakwitsa mumamuteteza kapena mumamukalipira pamaso pa kasitomala? Ndiyankheni m'makomenti, ndiwerenga onse.

Waya uja tsopano. Masentimita 30 ndi mtunda umene kuwala kumayenda pa nanosekondi imodzi, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Akuluakulu a usilikali akamadandaula kuti uthenga wa pa setilaiti ukuchedwa, Mayi Hopper ankawapatsa kawaya kuti aganize kuti ndi mawaya angati otere angafike kumwamba kuja. Mkulu ndi mwana wasukulu, onse ankabwerera kwawo atagwira phunziro m'manja.

Chachisanu, anapuma usilikali mu 1986 ali ndi zaka 79, pa udindo waukulu wa asilikali a pamadzi wotchedwa rear admiral. Anamwalira pa 1 January 1992 ndipo anaikidwa ku manda a asilikali a Arlington. Sitima ya nkhondo ya USS Hopper inatchedwa dzina lawo.

Sabata yamawa tilemba limodzi pulogalamu yaing'ono ya COBOL. Dulani waya wa masentimita 30 mubwere nawo, tiyambira pamenepo.