Mitu ya sitima zakale ndi masiteshoni akale: tingazizindikire bwanji kuno ku Limbe

Zikomo amfumu, zikomo abambo ndi amayi. Achinyamata muli kumbuyoko, senderani kuno, chifukwa ntchito yomwe ndikambeyi idzafuna miyendo yanu.

Bambo anga ankaponya malasha m'ng'anjo ya sitima, ndipo ine ndinakulira m'nyumba za anthu a njanji konkuno ku Limbe. Chomwe ndikufuna lero n'choti mukaona chitsulo chakale kapena nyumba yakale m'mbali mwa njanji, muzidziwa poyang'ana, kuti chinthucho chikuuzeni chokha zaka zake ndi ntchito yake.

Tiyambe ndi zaka, poti ndizo muyeso wathu. Kale katundu ankabwera pa sitima zapamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire, kenako amtengatenga n'kumusenza kukwera naye mapiri mpaka ku Blantyre. Madzi a Shire atayamba kuchepa, sitimazo zinkakanirira pamchenga. Ndiye kampani ya Shire Highlands Railway inayala njanji kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, kudzera ku Chiromo, n'kukwera m'mbali mwa Ruo, Thekerani, Sandama, Luchenza, kuno ku Limbe, ndipo mu 1908 inatsegulidwa mpaka ku Blantyre. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa pa Zambezi, wautali kuposa makilomita atatu ndi theka, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima kudzera ku Balaka. Mu 1970 kunabwera nthambi ya ku Nkaya kupita ku Nayuchi, yolowera ku doko la Nacala. Ku Lilongwe njanji inafika mu 1979.

Zaka zimenezi muzisunge, zimathetsa mikangano. Wina akakuuzani kuti siteshoni ya ku Liwonde inamangidwa nthawi ya atsamunda, mungomufunsa kuti njanjiyo inadutsako liti, poti Liwonde ali pa nthambi ya 1970 ija. Pa zaka, nyumba ya siteshoni siingakule kuposa njanji yake. Ikhoza kukhala yaing'ono, ngati anaigwetsa n'kumanganso, koma yaikulu ayi.

Tsopano mitu ya sitima, pomwe pali mtima wanga. Tili ndi mwayi womwe mizinda yambiri ilibe: mitu iwiri yoyambirira ya kampani ija inasungidwa. Wina dzina lake Thistle, nambala 1, uli pa siteshoni ya Limbe. Mnzake Shamrock, nambala 2, uli panja pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri. Yonse iwiri inapangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ku Stafford, ku England, ndipo inagwira ntchito yoyala njanji imeneyi. Ambiri mumadutsa pa Chichiri popita ku bwalo la mpira, koma ndani anaimapo n'kuwerenga mawilo ake?

Inde, mawilo. Anthu a njanji amazindikira mutu wa nthunzi powerenga mawilo m'magulu atatu: ang'onoang'ono akutsogolo, akuluakulu olumikizidwa ndi mkono wachitsulo omwe ndiwo amakoka, ndi ang'onoang'ono akumbuyo. Mumawerenga mbali zonse ziwiri. Thistle ndi Shamrock ndi 0-4-0: kutsogolo kulibe, okoka ndi anayi, kumbuyo kulibe. Mukapeza wa 4-8-0, dziwani kuti ameneyo ndi wa ulendo wautali, anayi otsogolera pokhota, asanu ndi atatu okokera mabogi pachitunda. Kenako yang'anani komwe umasunga madzi. Timitu tiwiri tija thanki yake yakhala pamwamba pa boila, mgolo wowiritsira madzi, ngati chishalo pamsana pa bulu, ndipo sitikoka bogi ya madzi ndi malasha kumbuyo. Mutu wotero supita kutali osamwa madzi, n'chifukwa chake pambuyo pake timituti tinkagwira ntchito yosuntha mabogi pa siteshoni.

Chachikulu koposa ndi kachitsulo ka wopanga, nthawi zambiri kamkuwa, kokhomedwa m'mbali mwa kanyumba ka woyendetsa. Pamenepo pamalembedwa dzina la fakitale, nambala ya mutuwo ku fakitaleko, ndi chaka. Utoto usakunamizeni. Mutu ukaikidwa poonetsa anthu, amaupenta mobwerezabwereza, ena amalembanso nambala molakwika, koma zilembo zosulidwa pa chitsulo sizisintha. Ikani pepala pamwamba pake, mukhwekhwerezepo pensulo mogoneka, zilembo zituluka zonse.

Njanji nayo ili ndi zilembo. Gwadani muyang'ane m'nthiti mwake, pakati pa mutu ndi phazi, mupeza dzina la fakitale ndi chaka chomwe inasulidwa. Zimafuna kupukuta dzimbiri ndi kuyang'ana dzuwa litapendeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Aphunzitsi muli muno, ngati belu la pasukulu panu ndi chidutswa cha njanji chopachikidwa pamtengo, kachiyang'aneni mawa, mwina n'chachikulu kuposa sukuluyo. Mukakayika ngati njanji mwaipezayo ndi ya sitima zathu kapena ya tingolo ta pa esiteti, yezani mkati mwa zitsulo ziwirizo. Yathu ndi mamilimita 1,067, kapena kuti mafiti atatu ndi mainchesi 6.

Siteshoni yakale muidziwa ndi khonde lake: limayang'ana ku njanji, osati ku msewu. Nyumba ya katundu imakhala ndi pansi pokwera, polingana ndi pansi pa bogi, kuti matumba a fodya ndi mabokosi a tiyi azilowa osakwezedwa. Fufuzani miyendo ya thanki yamadzi pafupi ndi njanji, ndi dzenje lalitali pakati pa njanji lomwe ankakhutuliramo phulusa. Ziwiri zimenezi zikapezeka, pamenepo pankaima sitima za nthunzi, chifukwa ya dizilo siifuna zimenezo.

Pali chomwe chimandipweteka. Pa siteshoni ina yaing'ono yomwe ndinkapitako ndili mwana panali thanki yachitsulo ndi sikelo yaikulu yoyezera katundu. Nditabwererako ndinapeza zitsa za simenti zokha, zonse zinadulidwa n'kugulitsidwa pa kilo. Palibe anajambula chithunzi, palibe analemba nambala. Ndipo masiteshoni a kumunsi ndiwo ali pangozi kwambiri, chifukwa madzi osefukira atadula njanji ku Chiromo mu 1997, anakhala zaka zambiri osaona sitima.

Amayi akufunsa ngati n'zololedwa kungolowa. Ayi mayi, njanji ya kuno ikugwira ntchito, sitima zikuyenda. Pa siteshoni tidzayamba tapempha chilolezo kwa oyang'anira, ndipo mwana asadzayende pakati pa njanji kapena kukwera pa mutu wa sitima.

Loweruka tiyambire ku Chichiri, 9 koloko m'mawa. Mubwere ndi kope, pensulo, tepi yoyezera, ndi foni yojambula kwa amene ali nayo. Amene kwanu kuli agogo omwe anagwirapo ntchito ya njanji, kaya anali oponya malasha, ogulitsa matikiti kapena okonza njanji, mundipatse mayina tikamaliza pano, kuti tikawatenge pa galimoto adzatilozere okha.