Mawu a m'mawa: Munthu amene anabwera usiku

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? M'mawa uno tiyeni titsegule Uthenga Wabwino wa Yohane kuti tiyende limodzi ndi munthu wina amene amatchulidwa m'ndime zitatu zokha m'Baibulo lonse, ndipo ndime zonsezo zili m'buku lomweli, pa mutu 3, mutu 7 ndi mutu 19. Munthuyu ndi Nikodemo. Ine ndimamukonda kwambiri chifukwa akufanana ndi ambiri a ife amene timakonda Yesu mumtima koma mawondo amagwedezeka pamene tiyenera kumuvomereza pamaso pa anthu.

Nikodemo sanali munthu wamba. Anali Mfarisi, mmodzi mwa akuluakulu oweruza milandu pa bwalo lalikulu la Ayuda, ndipo Yesu mwini anamutchula kuti mphunzitsi wa Israele. Munthu wotere anali ndi zambiri zoti ataye, monga mpando wake, ulemu wake, ndi anzake amene ankadya nawo m'mbale imodzi. Pa Yohane 12:42 timamva kuti akuluakulu ambiri anakhulupirira Yesu koma sanamuvomereze poyera chifukwa choopa kuchotsedwa m'sunagoge. Choncho sindidabwa kuti iye anadikira kuti kunja kude, misewu ya mu Yerusalemu ichite zii, asanapite kukaonana ndi mphunzitsi wa ku Galileya uja. Komabe anapita. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ngakhale anali ndi maphunziro onsewo, m'kati mwake munali njala imene malamulo ndi miyambo zinalephera kuthetsa.

Chimene chimandikhudza mtima ndi chakuti Yesu sanamudzudzule chifukwa cha nthawi imene anabwerera. Sanamuuze kuti abwerere kwawo, adzabwerenso dzuwa likuswa mtengo kuti anthu onse amuone. Anamulandira usiku womwewo, ndipo anapita pa muzu weniweni wa vuto lake pomuuza kuti ngati munthu sabadwa mwatsopano, sangathe kuona Ufumu wa Mulungu. Mawu a Chigiriki amene Yohane analemba pamenepa, akuti anothen, ali ndi matanthauzo awiri, kubadwa kachiwiri ndiponso kubadwa kuchokera kumwamba. Nikodemo anamva tanthauzo loyamba lokha, n'chifukwa chake anafunsa ngati munthu wokalamba angalowenso m'mimba mwa amayi ake. Koma Yesu ankanena za moyo umene umachokera kwa Mulungu, womwe mneneri Ezekieli analosera pa mutu 36, pamene Mulungu analonjeza kuwaza anthu ake madzi oyera, kuwachotsera mtima wamwala, kuwapatsa mtima wamnofu ndi kuika Mzimu wake mwa iwo. Amayi amene anachirapo akudziwa bwino kuti khanda silidzibala lokha. Ululu ndi thukuta zimakhala za wina, ndipo mwanayo amangolandira moyo umene sanaugwirire ntchito. Kwa munthu amene anazolowera kupeza chilichonse ndi khama lake, mawu amenewa anali olemera kuwasenza.

Usiku umenewo, mawu omaliza amene timamva kuchokera pakamwa pa Nikodemo ndi funso lakuti zimenezi zingatheke bwanji. Yohane sanalembe kuti anagwada kapena kuti analira misozi ya kulapa. Munthuyo akungozimirira mumdima momwe anachokera. Ife tikanakhalapo, mwina tikanati mbewu ija yagwera pamwala. Koma mlimi amene wabzala chimanga ndi mvula yoyamba safukula phando m'mawa mwake kuti aone ngati mbewu yayamba kumera. Masiku angapo amadutsa mizere ikuoneka ngati mulibe kanthu, pamene pansi pa dothi njere yatupa kale, yang'ambika, ndipo kamuzu kayamba kulowa pansi.

Pa mutu 7 tikumupezanso, nthawi ya chikondwerero cha misasa. Ansembe aakulu ndi Afarisi anatuma alonda a ku Kachisi kuti akagwire Yesu, koma alondawo anabwerako chimanjamanja, n'kunena kuti palibe munthu amene analankhulapo ngati ameneyu. Akuluakuluwo anapsa mtima, nafunsa monyoza ngati pali mkulu kapena Mfarisi ngakhale mmodzi amene wakhulupirira Yesu. Taganizirani mmene mtima wa Nikodemo unagundira pomva funso limenelo ali pakati pawo. Sanaimirire n'kunena kuti ndine ndakhulupirira. Mphamvu zimenezo anali asanakhale nazo. Anangofunsa ngati chilamulo chawo chimalola kuweruza munthu asanamumve ndi kudziwa chimene wachita. Alaliki ena amapeputsa funso limeneli ponena kuti ndi la munthu wamantha wobisala kumbuyo kwa lamulo, koma ine sindigwirizana nawo, chifukwa ndinaonapo ndi maso anga mtengo wa funso lotere.

Zaka zingapo zapitazo kumudzi kwathu kunagwa maliro a mnyamata amene anangodwala masiku awiri. Pasiwa panayamba manong'onong'o, ndipo pofika m'mawa wa tsiku loika maliro zala zonse zinali zitaloza gogo wina wamasiye amene ankakhala yekha m'kanyumba kaudzu kumapeto kwa mudzi. Anyamata anamukoka n'kumukhazika padothi pakati pa bwalo, ena atatola kale miyala. Ine ndinalipo, Baibulo lili m'manja chifukwa ndinayenera kuwerenga mawu kumanda, ndipo ndikuvomereza ndi chisoni kuti ndinangowerama n'kumayang'ana nsapato zanga. Amene anaimirira anali mayi wina wa mumpingo mwathu, mayi wamanyazi amene ngakhale kutsogolera pemphero pa msonkhano wa amayi mawu ankachita kunjenjemera. Anayenda mpaka pamene panakhala amfumu, anagwada, akupotokola nsonga ya chitenje chake ndi zala, n'kunena kuti, "Pepani mfumu, kodi agogowa tawamva mbali yawo? Nanga achipatala anati mwanayu wadwala chiyani?" Wina m'gulumo anakuwa kuti mwina iyenso amatamba nawo limodzi, monga momwe Afarisi anayankhira Nikodemo kuti kodi nayenso ndi wa ku Galileya. Mayiyo sanabweze mawu. Anangopita kukakhala padothi pafupi ndi gogo uja, phewa ndi phewa, ndipo kenaka amayi ena awiri anamutsatira. Apo m'pamene amfumu anapeza polankhulira, nakumbutsa anthu kuti lamulo la dziko lino la Malawi, lomwe lilipo kuyambira mu 1911, limaletsa kunenera munthu ufiti. Miyala ija inagwa pansi umodziumodzi.

Patapita masiku ndinawafunsa mayiwo kumene anatenga mphamvu zotere. Anandiyankha kuti mantha anali nawo ambiri, moti miyendo inkachita ngati si yawo, koma m'kati mwawo munali chinthu chimene chinawakaniza kukhala pansi. Ndikhulupirira kuti chinthu chimenecho ndi moyo watsopano uja. Monga mwana wosabadwa amagunda m'mimba mwa amayi ake osapempha chilolezo, moyo wochokera kwa Mzimu nawonso umayamba kugunda mwa munthu, n'kumusowetsa mtendere pamene chilungamo chikupondedwa. Paulo anauza Timoteo kuti Mulungu sanatipatse mzimu wa mantha, koma wa mphamvu, wa chikondi ndi wa kudziletsa, ndipo pamaliro paja ndinaona kuti chikondi ndicho chimatsogola, mphamvu n'kumabwera pambuyo. Petro amene anakana Yesu pamaso pa mtsikana wantchito akuwotha moto ndi yemweyo amene, Mzimu atatsika pa Pentekoste, anaima pamaso pa bwalo lalikulu n'kunena kuti sangaleke kulankhula zimene anaona ndi kumva.

Koma ndisakunyengeni, abale anga, ngati kuti kukhala wophunzira wa usiku mpaka kalekale kulibe vuto. Mayi akapita ndi mwana kusikelo mwezi ndi mwezi n'kupeza kuti sakukwera, sagona tulo, amafunsa chimene chalakwika ndipo amasintha kadyetsedwe. Ena a ife tinabatizidwa zaka 20 zapitazo, komabe kuntchito timasainira ndalama za msonkhano umene sitinapiteko chifukwa choopa kuti anzathu atiyesa odzikonda, ndipo pakhomo timangoti chete pamene achibale akonza zokaombeza chifukwa choopa kutchedwa amwano. Petro yemweyo, m'kalata yake yoyamba pa mutu 2, akutiuza kuti tizilakalaka mkaka weniweni wa mawu ngati makanda obadwa kumene, kuti tikule nawo. Lero lino, mu ofesi, pamsika kapena pabwalo la mfumu, mwina simufunsidwa kulalikira, koma mwina padzafunika munthu mmodzi woti afunse kafunso kamodzi kachilungamo pamene onse agwirizana zoipa.

Nikodemo tikumuona komaliza Lachisanu madzulo, Yesu atafa pamtanda. Ophunzira ambiri amene ankayenda naye masana anali atabalalika. Panalibenso zozizwitsa zoti munthu aone, ndiponso panalibe phindu lililonse podziwika kuti ndiwe mnzake wa munthu wopachikidwa ndi boma la Aroma. Nthawi imeneyo m'pamene Yosefe wa ku Arimateya, yemwenso anali wophunzira wam'seri chifukwa cha mantha, anapita kwa Pilato kukapempha mtembo, ndipo Nikodemo anabwera ndi mure wosakaniza ndi aloe wolemera miyeso 100 ya nthawi imeneyo, yomwe ndi makilogalamu opitirira 30. Katundu ameneyu ndi woposa theka la thumba la feteleza, ndipo sungamubise m'malaya. Mariya wa ku Betaniya anadzoza mapazi a Yesu ndi muyeso umodzi wokha wa mafuta onunkhira, nyumba yonse inadzaza ndi fungo, ndiye taganizirani za miyeso 100.

M'mawa wa tsiku lomwelo, anzake a Nikodemo anakana kulowa m'nyumba ya Pilato poopa kudetsedwa, kuti adye Paska ali oyera. Koma iye, Mfarisi wodziwa bwino lomwe zimene zalembedwa pa Numeri 19:11, kuti wokhudza mtembo amakhala wodetsedwa masiku 7, anagwira thupi lodzaza mabala lija ndi manja ake, nalikulunga m'nsalu pamodzi ndi zonunkhira zija, ndipo iye ndi Yosefe analiika m'manda atsopano a m'munda umene unali pafupi. Ndimamuona m'maganizo mwanga akubwerera kwawo dzuwa likulowa, Sabata likuyamba, akudutsa m'misewu yomweyo imene kale anadutsamo mozemba, tsopano zovala zake ndi manja ake zikununkhira mure, moti aliyense wokumana naye akudziwa kumene akuchokera.