Papa Amene Anakazonda Womuwombera Kundende

Moni nonse amene mukuonera. Lero tili ndi funso limene limasowetsa tulo ngakhale akhristu okhwima: munthu akakulakwirani kwambiri, kumuchitira chifundo n'kutani kwenikweni? Kodi ndi kungoti mlandu uthe basi?

Tiyeni tipite ku Rome. Pa 13 Meyi 1981, Papa John Paul Wachiwiri, yemwe akuluakulu akumukumbukira kuti anabwera kuno ku Malawi mu 1989, ankayenda pa galimoto yosafolera pabwalo la St Peter's akupereka moni kwa anthu. Mnyamata wa ku Turkey, Mehmet Ali Ağca, wa zaka 23, anasolola mfuti n'kumuwombera. Chipolopolo chinalowa m'mimba. Anathamangira naye ku chipatala cha Gemelli atataya magazi ambiri, ndipo madokotala anakhala naye maola oposa asanu.

Tamverani tsono. Patangopita masiku anayi, ali chigonere, Papayo anajambulitsa uthenga umene unamveka pa wailesi. Mu uthengawo anatchula womuwomberayo kuti m'bale, ndipo anati wamukhululukira ndi mtima wonse. Nthawi imeneyo Ağca anali asanapepese. Mlandu unali usanazengedwe n'komwe.

Pa 27 Disembala 1983, Papayo mwini wake anapita ku ndende ya Rebibbia. Anakhala pansi moyandikana ndi Ağca, nkhope ndi nkhope, n'kucheza naye motsitsa mawu pafupifupi mphindi 20. Zimene anakambirana sanaziulule. Mu 1987 analandiranso mayi ake a mnyamatayo ku Vatican.

Koma pali mbali imene ambiri amaidumpha akamasimba nkhaniyi. Papayo atatuluka m'chipinda chija, chitseko chinatsekedwa, Ağca n'kutsala momwemo. Khoti linali litamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse, ndipo anakhalamo zaka 19. Mu Juni 2000 m'pamene pulezidenti wa Italy, Carlo Azeglio Ciampi, anamukhululukira Papayo atavomereza. Ngakhale apo sanapite kwawo kukapuma ayi. Anamutumiza ku ndende ya ku Turkey kukagwira ukaidi pa mlandu wopha mtolankhani Abdi İpekçi mu 1979, ndipo anatuluka mu 2010.

Ine ndikuona kuti apa m'pamene ambirife timasokonezeka. Timaganiza kuti kukhululuka n'kuuza wolakwa kuti palibe chimene chachitika. N'chifukwa chake mayi womenyedwa ndi mwamuna wake amauzidwa kuti angopirira poti ndi mkhristu, ndipo msungichuma wodya ndalama za mpingo amasiyidwa pampando. Chimenecho si chifundo, n'kubisa chilonda. Papa uja anataya mkwiyo ndi mtima wobwezera, koma sanalepheretse lamulo kugwira ntchito yake.

Paulo pa Aroma 12:18 amati tikhale mwamtendere ndi anthu onse, koma amayamba ndi mawu akuti ngati n'kutheka, monga momwe mungathere. Ankadziwa kuti kuyanjana kumafuna anthu awiri. Winayo akhoza kukana, akhoza kukunyozani. Kukhululuka kokha ndi kumene kuli m'manja mwanu, ndipo sikudikira kuti wina ayambe wagwada.

Nanga ife amene sitinawomberedwe, koma tinalandidwa munda ndi mlamu kapena kujedwa ndi mnzathu wa kwaya? Yesu pa Mateyu 18:15-17 anapereka ndondomeko yake. Pitani kaye nokha, mukamuuze kulakwa kwake muli awiri. Osati pa gulu la WhatsApp, osatinso pomuponyera mawu m'pemphero la pamaliro. Akakana kumva, tengani munthu mmodzi kapena awiri akhale mboni. Akakanabe, m'pamene nkhani ifike ku mpingo. Ife kawirikawiri timayambira kumapeto: mudzi wonse umakhala utamva kale, mwini wake yekha ndiye sanauzidwe.