Makalata a Omvera: Mkango Pachifuwa, Mphini Pamasaya

Moni omvera athu nonse, kaya muli m'zipinda za ku Hillbrow ndi Yeoville, kaya muli pa ntchito ya ulonda ku Sandton usiku uno, kaya mukudikira basi ya ku Blantyre pa Park Station. Sabata yatha tinakambako pang'ono za zojambula za pathupi zimene achinyamata amazitcha matatuu, ndipo makalata abwera ochuluka moti lero tiwerenga anayi okha. Olemba onse apempha kuti tisatchule mayina awo, ndipo tatero.

Kalata yoyamba ikuti: "Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Rosettenville koma kwathu ndi ku Ntcheu. Mwana wanga wachisamba, wa zaka 23, wajambulitsa mutu wa mkango pachifuwa chonse. Ndinauona Loweruka lapitali atavula malaya kuti achape, ndipo ndinalira. Kwathu munthu wodzilemba pathupi timati ndi wochokera kundende kapena wosuta chamba, ndipo kutchalitchi anatiwerengera Levitiko 19:28. Kodi mwanayu ndamutaya ku Joni kuno? Nanga pa Khirisimasi ndikamuonetsa bwanji kwa amalume ake?"

Mayi, misozi yanu ndaimva, ndipo mantha anu ali ndi pochokera. M'ndende za dziko lino muli magulu otchedwa 26, 27 ndi 28, amene anthu ake amadzilemba manambalawo pakhungu ndi inki yopanga okha, kotero kuti amene amadziwa kuwerenga zizindikirozo amadziwa gulu la munthu asanatsegule pakamwa. Koma mutu wa mkango wojambulidwa mwaluso pa shopu ndi nkhani ina, ndipo ndikupemphani kuti musamuweruze mwanayo ndi mlandu wa anthu ena.

Ndiloleni ndikukumbutseni za agogo athu. Agogo anga aakazi, amene anandilera, anali ndi mphini zitatu pa tsaya lililonse, ndipo zina zinandanda pachifuwa mpaka pamimba. Ndili mwana ndinkakhala pamiyendo pawo madzulo akusenda nandolo, ndi kumayendetsa chala pa timizere totukukato, tosalala ngati njere za mapira zobisika pansi pa khungu, takuda mobiriwira chifukwa cha makala opera amene anapakamo pa tsiku lotema. Iwo ankanena monyadira kuti sanalire pamene ankatemedwa, ndiponso kuti mtsikana wopanda mphini masiku amenewo anzake ankamuseka kudambo. Ngakhale mwambi woti mphini yobwereza ndiyo imawala unachokera pa ntchito yeniyeni imeneyi, chifukwa mphini yotemedwa kamodzi imazilala, ndipo wofuna kuti ioneke bwino ankapirira lumo kachiwiri. Pamene David Livingstone anafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza amayi a Chimang'anja atavala pelele pa mlomo wam'mwamba. Amayi a Chiyao ali ndi chipini chawo pamphuno mpaka lero, ndipo Angoni a kwanu ku Ntcheu ankadziwika ndi kuboola makutu. Kukongoletsa thupi, tsono, sikunabwere ndi Joni. Kunalipo kwathu, kenako kunachepa pamene mishoni ndi sukulu zinayamba kukuona ngati chikunja.

Za mkango weniweniwo, nyama imeneyi ndi yaulemu kuno ndi kwathu komwe. Pa chizindikiro cha boma la Malawi pali mkango mbali ina, kambuku mbali inayo, ndi nkhwazi pamwamba. Dr Kamuzu Banda anthu ankamutcha Mkango wa Malawi, ndipo mfumu ya Azulu imatchedwa Ingonyama, kutanthauza mkango. Mnyamata amene akuvutika ndi moyo wa m'tauni ino, wa mapepala ndi lendi ndi kunyozedwa chifukwa cha chilankhulo, akasankha mkango kawirikawiri amakhala akudzilimbitsa mtima. Za Levitiko ndikusiyirani inu ndi abusa anu, pakuti ndimeyo imaletsa kudzicheka chifukwa cha akufa ndi kudzilemba pathupi, ndipo mipingo imasiyana pa kamasuliridwe kake. Chimene ndingakulangizeni n'chakuti mukhale naye pansi, mumufunse chimene mkangowo ukunena, ndipo muwauziretu amalume ake pa foni asanakauone ndi maso, kuti nkhaniyo ikafike kumudzi itapola.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mnyamata wa ku Dedza amene amagwira ntchito m'malo odyera ku Braamfontein. Iye akuti: "Anzanga onse ali ndi zinjoka za ku China ndi nsomba za ku Japan pamikono. Ine ndikufuna chakwathu, ndipo ndaganiza zojambulitsa Kasiyamaliro pamsana ponse. Kodi makolo athu ankajambula nyama pathupi? Nanga pali cholakwika pa zimene ndikufunazi?"

Achimwene, funso lanu landisangalatsa kwambiri, chifukwa mwafunsa singano isanakhudze khungu. Mphini za Achewa ndi Amang'anja zinali makamaka mizere ndi timadontho. Nyama zathu makolo ankaziika kwina: pa miyala, m'zilombo za gule, ndi pamutu pa anamwali, amene pa chinamwali ankavekedwa chingondo choumbidwa ndi dothi m'maonekedwe a nyama, thupi lawo litapakidwa timadontho. Kwanu komweko ku Dedza, m'mapiri a Chongoni, muli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira ndi za Akafula, anthu osaka amene analipo kale, pamene zoyera zambiri ndi za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi Nyau. Anthu a mbali yathu ino amene ankaikadi nyama pakhungu ndi Amakonde a kumpoto kwa Mozambique ndi kummwera kwa Tanzania, amene mphini zawo amazitcha dinembo, ndipo mwa zojambula zawo munali abuluzi.

Kumaiko ena mwambowu ndi wakale zedi. Ku British Museum ku London kuli mtembo wouma wa mwamuna wa ku Gebelein ku Egypt, wa zaka zoposa 5,000, ndipo mu 2018 akatswiri analengeza kuti madontho akuda a pamkono pake ndi zithunzi za ng'ombe yam'tchire ndi nkhosa yam'mapiri. Mu 1993, ku mapiri a Altai ku Siberia, anafukula mayi amene anasungika m'madzi oundana kwa zaka pafupifupi 2,500, ali ndi nyama yonga gwape ya nyanga zopotana paphewa. Nsomba ya koi imene anzanu ali nayo imaimira kupirira chifukwa imasambira molimbana ndi madzi, ndipo ku Japan komweko boma linaletsa matatuu mu 1872, chiletsocho n'kuchotsedwa mu 1948.

Tsono pa Kasiyamaliro ndiyankhula mosamala, monga munthu wolemekeza dambwe. Chilombo chimenechi, chooneka ngati nyama ya nyanga yam'tchire, ndi chimodzi mwa zolemekezeka kwambiri m'Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005. Dzina lake likunena ntchito yake: chimabwera pa maliro kudzaperekeza mzimu wa malemu kwa makolo. Chimalukidwa ndi udzu ndi makoko a chimanga, chimatuluka pa nthawi yake, ndipo mwambo ukatha sichikhala pabwalo kuti aliyense azichiyang'ana. Chithunzi cha pamsana, m'malo mwake, mudzapita nacho kubafa, kumpira, kumowa ndi kuchipatala moyo wanu wonse. Apa ndi pamene ndikuona kuti zinthu ziwirizi sizikugwirizana. Ine ndikanakhala inu sindikanachita ndisanafunse akuluakulu a kumudzi kwanu, makamaka ngati simunalowe gule, pakuti safunsa anadya phula. Mukapita kwathu, kafikeni ku Mua, ku Kungoni Centre imene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, kumene kuli zigoba zambiri za gule ndi matanthauzo ake. Ngati mukufuna chakwathu chopanda mlandu, nkhwazi ilipo, chambo chilipo, ndipo mizere ya mphini za agogo anu aakazi, mutaifunsa bwino, ingakhale yanuyanu kuposa chithunzi chilichonse cha m'buku la pa shopu.

Kalata yachitatu ndi yaifupi. Mtsikana wina woluka tsitsi ku Mayfair, kwawo ku Zomba, akuti anajambulitsa kadzidzi pamkono chifukwa anawerenga pa intaneti kuti ndi chizindikiro cha nzeru, koma azakhali ake atachiona anamulanda khanda limene ananyamula ndipo mpaka pano samulola kuligwira. Akufunsa kuti wolakwa ndani.

Achemwali, zimene munawerengazo ndi zoona kwa Agiriki akale, amene ankagwirizanitsa kadzidzi ndi Athena, mulungu wawo wamkazi wa nzeru, mpaka kumuika pa ndalama za mzinda wa Athens. Koma azakhali anu anakulira kumene kadzidzi akalira padenga usiku anthu amayamba kuganiza za maliro ndi ufiti, ndipo anzathu a Chizulu nawonso amaiopa mbalame imeneyi, imene amaitcha isikhova. Nyama imodzi imanena zinthu zosiyana malinga ndi amene akuiwerenga. N'chimodzimodzi ndi nanzikambe, amene ena amamukonda chifukwa cha kusintha mitundu, pamene m'nthano zathu ndiye anachedwa ndi uthenga wa Chauta woti anthu akafa adzauka, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa. Azakhali anuwo akuteteza khandalo m'njira imene akuidziwa, choncho musawayankhe mwaukali. Afotokozereni mofatsa, ndipo mukapita kwawo valani malaya a manja aatali. Kufufuta ndi makina a laser n'kotheka, koma kumafuna maulendo angapo ndi ndalama zambiri, ndipo pa khungu lakuda kungasiye banga.

Kalata yomaliza yachokera kwa bambo achikulire a ku Tembisa, amene anabwera ku migodi pa nthawi ya Wenela ndipo sanabwererenso kukakhazikika kwawo ku Dowa. Iwo akuti: "Ine ndili ndi mphini m'mawondo, m'zigongono ndi pamsana, zimene ananditema asing'anga ndisananyamuke, kuti zinditeteze pansi pa mgodi, ndi zina za nyamakazi. Adzukulu anga amandiseka, chonsecho iwo ali ndi agulugufe pakhosi. Mdzukulu wanga wina akudwala mwendo, ndipo ndikufuna kuti akatemedwe ngati ine. Kodi ndalakwa?"

Agogo, takulandirani ndi manja awiri, ndipo adzukulu anuwo auzeni nkhani iyi. Mu 1991, m'mapiri a Alps pa malire a Italy ndi Austria, anthu anapeza mtembo wa mwamuna amene anafa zaka pafupifupi 5,300 zapitazo, amene anamutcha Ötzi. Pathupi pake anawerengapo matatuu 61, ndipo si zithunzi ayi, koma timizere ndi timitanda takuda, tambiri tili m'munsi mwa msana, m'mawondo ndi mu akakolo, malo amene mafupa ake ankaonetsa kuperepeseka. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amaganiza kuti zinali za mankhwala. Mphini zanu, tsono, zili ndi abale akale kwambiri, ndipo zikusimba za mnyamata amene anasiya kwawo ali ndi mantha, abale ake n'kumupatsa chitetezo chimene ankachidziwa. Zimenezo si zoseketsa.

Koma pa mdzukulu wodwalayo ndikupemphani ndi ulemu wonse kuti ayambe wapita kuchipatala, chifukwa kupweteka kwa mwendo kwa mwana kuli ndi zoyambitsa zambiri, ndipo zina zimakula msanga zikachedwa kuonedwa. Ndiyeneranso kunena poyera za lumo. M'masiku anu lumo limodzi linkatema banja lonse, koma lero tikudziwa kuti kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C amayenda m'magazi otsalira pa lumo kapena pa singano. Lumo likhale latsopano, la munthu mmodzi, ndipo likatha ntchito litayidwe. Lamulo lomweli likukhudza adzukulu anu a agulugufe aja: singano itsegulidwe m'pepala lake iwo akuona, wojambulayo avale magolovesi, inki ithiridwe m'kachibekete katsopano, ndipo asalole kujambulidwa m'chipinda cha mnzawo chifukwa choti mtengo watsika. Amene khungu lake limatupa n'kupanga chipsera chachikulu cholimba akangoboola khutu, asayese n'komwe, pakuti vuto limeneli limapezeka kwambiri mwa ife a khungu lakuda.

Ndili ndi pempho kwa inu agogo, ndi kwa amayi onse achikulire amene akutimvera. Agogo anga anamwalira ndisanawafunse mayina a mphini zawo, amene anawatema, ndi nyimbo zimene zinkaimbidwa pa tsikulo, ndipo zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Ngati mukukumbukira mmene mphini za kwanu zinkatchulidwira, kaya ku Kasungu, ku Mangochi, ku Nsanje, ku Chipata kapena ku Tete, tilembereni kapena uzani mdzukulu akulembereni, mutiuzenso mbali ya thupi imene iliyonse inkatemedwa. Makalata amenewo ndiwo tidzayambe nawo sabata yamawa.